Nyambo ya Nthenga: Kuphunzira Kuwedza Trout ndi Katswiri pa Mtsinje

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Lero tikwera phiri, kumene madzi amazizira mpaka zala kuchita dzanzi, tikaone usodzi wina umene ambiri a ife timangoumva.

Asodzi a ku Msaka, a ku Nkhotakota, a ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, ndikudziwa kuti museka, koma musatseke wailesi. Usodzi wa lerowu ulibe nyongolotsi, ulibe nsima yokanda pa mbedza, ulibe kachitsulo komiza chingwe. Nyambo yake ndi nthenga, ubweya ndi ulusi zomangidwa pa mbedza mwaluso kuti nsomba iyese kachilombo. Eni ake amautcha fly fishing, ndipo nsomba imene imasakidwa kwambiri mwa njira imeneyi ndi trout.

Trout si nsomba ya kuno. Mtundu umene tili nawo, rainbow trout, kwawo ndi mitsinje ya kumadzulo kwa North America, yothira m'nyanja ya Pacific. Inafika m'dziko muno mu 1906, atsamunda atailakalaka kuti azikhala ndi chowasangalatsa akaweruka kuntchito. Lero dzina lake limamveka m'malo okwera okhaokha: pa phiri la Zomba kumene kuli mtsinje wa Mulunguzi, m'timitsinje tina ta pa phiri la Mulanje, ndi ku Nyika, pa madamu a ku Chelinda ndi mitsinje ya kumeneko. Anzathu a ku Zimbabwe amaipeza ku Nyanga, a ku South Africa amathamangira ku Dullstroom ndi m'munsi mwa mapiri a Drakensberg.

N'chifukwa chiyani m'mapiri mokhamokha? Nsomba imeneyi imafuna madzi ozizira, oyera, okhala ndi mpweya wambiri. Imasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16. Akapitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, pakuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Mutaiponya mu Shire ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, mwaipha.

Tsono funso lathu lero ndi ili: munthu amene wagula kapena wabwereka zipangizo, mwina waponyapo kale kangapo koma nsomba zikungomuyang'ana, angatani kuti luso lake likwere? Yankho langa ndi lachikale, ndipo sindichita nalo manyazi. Apeze katswiri, apite naye kumtsinje, aime pambali pake. Makanema a pa foni ndi abwino, mabuku ndi abwino, koma foni siingakuoneni inuyo mukuponya.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyambe ndi chingwe. Pa mbedza yathu ya masiku onse, chimene chimauluka ndi kachitsulo kapena nyambo yolemera, chingwe chimangotsatira pambuyo. Kuno zatembenuka. Nyambo ya nthenga ndi yopepuka kwambiri, simungaiponye ngakhale mamita 2. Cholemera ndi chingwe chenichenicho, chokhuthala, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo ndicho chimanyamula nyambo kupita nayo kumene mukufuna. Zingwezi zili ndi manambala. Cha nambala 5, chimene ambiri amayambira, mamita 9 ake oyamba amalemera pafupifupi magalamu 9. Ndodo yake imakhala ya nambala yomweyo, yotalika mamita 2.7, yopepuka, yopindika msanga. M'timitsinje tothina anthu amakonda yaifupi, ya nambala 3 kapena 4. Kutsogolo kwa chingwe chokhuthalacho mumalumikiza china cha nailoni, choonekera, chimene chimanka nichiwonda mpaka kunsonga kumene kuli mbedza kumangotsala mamilimita 0.15 kapena 0.18. Pali kagudumu kokulungirapo chingwe. Zipangizo ndi zomwezo basi, tisatayepo nthawi. Nkhani ili pa dzanja ndi pa maso.

Tamverani kasewero aka. Tili pa phiri la Zomba, m'mawa, mame asanaume. Pali bambo wachikulire wodziwa usodziwu, ndi mtsikana amene wabwera kudzaphunzira.

(KULIRA KWA MBALAME, KAMPHEPO KA PA PHIRI)

WOPHUNZIRA: Bambo, mtsinje uli uko, nanga ife tikutani pa udzu pano?

MPHUNZITSI: Mtsinje suthawa, chemwali. Mukafika kumadzi tsopano lino, maso anu onse athera pa nsomba, dzanja muliiwala. Taonani kunsongaku, ndamangako kaulusi kofiira m'malo mwa mbedza. Makutu athu tibwerere nawo kunyumba osaboola.

WOPHUNZIRA: (aseka) Chabwino. Ndigwire bwanji?

MPHUNZITSI: Chala chachikulu pamwamba pa chogwirira. Musafinye, si khasu. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti. Nsonga ya ndodo iyambire pansi, chingwe chitawongoka pa udzupo. Kwezani pang'onopang'ono, onjezani liwiro, dzanja likafika pakhutu muime. Kuima kwenikweni. Dikirani. Kenaka patsogolo.

(CHINGWE CHILIRA: THWAA!)

MPHUNZITSI: Mwamva kulirako?

WOPHUNZIRA: Ndamva. Ndiye kuti ndaponya mwamphamvu, eti?

MPHUNZITSI: Ndiye kuti mwafulumira. Chingwe chinali chisanawongoke kumbuyo inu n'kuchikokera patsogolo. Pakanakhala nyambo, bwenzi itaduka, tikuifunafuna m'tchiremu. Ndikufunseni. Muli mwana simunaseweretseko dongo lomata kunsonga kwa kamtengo?

WOPHUNZIRA: Kwambiri. Tinkapirikitsira mbalame m'munda wa mpunga.

MPHUNZITSI: Dongolo linkachoka nthawi yanji?

WOPHUNZIRA: Kamtengo kakaima mwadzidzidzi.

MPHUNZITSI: Basitu, mwadziwa kale. Chingwe chimauluka chifukwa ndodo yaima. Bwerezani, koma ulendo uno cheukani, muchione chingwecho chikutambasuka kumbuyo kwanu. Chikatsala pang'ono kuwongoka, ndiye nthawi yake. Eya! Mwamva kukoka pa dzanjapo?

WOPHUNZIRA: Ndamva, Bambo. Ndodo inalemera pang'ono.

MPHUNZITSI: Kulemera kumeneko muzikukumbukira. Mawa simudzafunikanso kucheuka.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Mwaona, omvera, chimene chachitika? Theka la kaponyedwe kameneka limachitikira kumbuyo kwa munthu, kumene maso ake safika. Wophunzira amakhala wotsimikiza kuti dzanja waliimitsa pakhutu, chonsecho mkono wagwera kumbuyo, ndodo yatsala pang'ono kugunda pansi. Mukamuuza amakana, ndipo sakunama, thupi lake likumuuzadi choncho. Amene waima chapambali ndiye amaona zoona zake. Mphunzitsi wabwino nthawi zina salankhula n'komwe, amangogwira dzanja lanu pamodzi ndi ndodo, n'kuponya nanu kawiri katatu, kuti mnofu umve chimene khutu likulephera kumva.

Pali chizindikiro china chimene akatswiri amachiyang'ana. Mukaweruka, pendani chingwe chanu cha nailoni. Mukapezamo timfundo timene simunamange, ambiri amanamizira mphepo. Si mphepo ayi. Ndi dzanja limene likuyamba ndi mphamvu zonse nthawi imodzi m'malo moonjezera liwiro pang'onopang'ono. Nsonga ya ndodo imagwa pakati pa ulendo, chingwe n'kudzipingasa chokha. Ndipo kamfundo kamodzi kotere kamafooketsa nailoni kwambiri, moti nsomba yaikulu ikakoka imadukira pomwepo. Munthu wophunzira yekha akhoza kukhala ndi vuto limeneli zaka ndi zaka, likusanduka chizolowezi. Katswiri amaliona pa kuponya koyamba.

Amene mukuganiza kuti izi n'za amuna amphamvu, imvani za mayi wina wa ku America, Joan Wulff. Mu 1951 anapambana mpikisano wa dziko lonse la America woponya kutali, opikisana naye ali amuna okhaokha. Mu 1979 iye ndi amuna ake, Lee Wulff, anatsegula sukulu ya usodzi umenewu m'mbali mwa mtsinje wa Beaverkill, m'boma la New York. Chimene mayiyu amadziwika nacho kwambiri ndi kugawa kaponyedwe m'zigawo zoti munthu wamba angaphunzitsidwe, chimodzichimodzi. Mphamvu za mkono sizinali nkhani.

Pa mitsinje yathu ya m'mapiri pali vuto lina. Kumbuyo kwanu kumakhala mitengo, ziyangoyango ndi minga. Mukati muponyere chingwe kumbuyo, tsiku lonse muthera kukwera mitengo kumasula mbedza. Apa mphunzitsi amakuonetsani kaponyedwe kena kogudubuza. Mumakweza ndodo pang'onopang'ono mpaka chingwe chilendewere chapambali pa phewa, mbali ina idakali pamadzi, kenaka mumakankhira patsogolo n'kuima. Chingwe chimagudubuzika pamwamba pa madzi n'kukatambasuka kutsogolo osapita kumbuyo konse. Pa Mulunguzi, ine ndinganene kuti kaponyedwe kameneka n'kofunika kuposa koyamba kaja. Ndipo musamavutike ndi zoponya kutali. Trout za m'timitsinje zimagwidwa pafupi, mamita 5 mpaka 10 kuchokera pamene mwaima.

(NYIMBO, KENAKA MKOKOMO WA MADZI)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba zophunzira kuwedza trout ndi nyambo ya nthenga. Tafika tsopano pamene ine ndimati ndiye pamtima pa nkhani. Kuponya mungaphunzire pa bwalo la mpira. Koma kudziwa pamene nsomba ili, chimene ikudya, ndi momwe mungaifikire osaithawitsa, zimenezo sukulu yake ndi mtsinje wokha, ndi munthu amene wauyenda nthawi yaitali. Tibwerere kwa anthu athu aja.

WOPHUNZIRA: Dziwe labwino ilo, Bambo! Ndiponye?

MPHUNZITSI: Khalani pansi kaye, chemwali. Ndodo igonekeni pa udzu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiuzeni, mukanakhala nsomba mumtsinje muno, mukanaima pati?

WOPHUNZIRA: Pakatikati apo, pozama, pamene madzi angoti bata.

MPHUNZITSI: Pamenepo m'pobisala ikaopsedwa. Koma chakudya chikudutsa pati? Tsatirani thovu ilo ndi maso.

WOPHUNZIRA: Likuyenda mu mzere umodzi, kuchokera pa mwala uwo mpaka kumunsi.

MPHUNZITSI: Kumene kukupita thovu n'kumene madzi akusonkhanitsira tizilombo. Taonaninso, mbali iyi ya mzerewo madzi akuthamanga, mbali inayo akuyenda pang'onopang'ono. Trout ndi yochenjera pa nkhani ya mphamvu. Imaima m'madzi ofatsawo, mphuno ili m'malire, kanthu kakamadutsa imangopatuka pang'ono, n'kutola, n'kubwerera pamalo pake.

WOPHUNZIRA: Koma ine sindikuona nsomba iliyonse.

MPHUNZITSI: Musafune nsomba yathunthu, simuiona. Funani chithunzithunzi chake pansi pamchenga, kapena kanthu kooneka ngati kamtengo koma kakugwedeza mchira. Valani magalasi angawa, amachotsa kunyezimira kwa madzi. Yang'anani kumunsi kwa mwala wakudawo.

WOPHUNZIRA: Mayo! Ilipodi! Yasuntha!

MPHUNZITSI: Pang'onopang'ono, musaloze ndi dzanja. Mutu wake waloza kuti?

WOPHUNZIRA: Kumtunda.

MPHUNZITSI: Nthawi zonse imayang'ana kumene madzi akuchokera. Ndiye ife tiifikira chakumchira, kuchokera kumunsi, chowerama. Koma tisanapite, tolani mwala uwo uli m'madzi, muutembenuze.

WOPHUNZIRA: Kuli tizilombo takuda, tophwatalala, tikuthawa. Ndiponso timachubu ta mchenga tomatirira.

MPHUNZITSI: Ndiwo za trout zimenezo. Tsegulani bokosi, mundisankhire nyambo yofanana nato msinkhu ndi mtundu.

(MKOKOMO WA MADZI UTSIKE)

MUULUTSI: Tiime pamenepo, timasule zimene zadutsa mwachangu.

Choyamba, malo. Kupatula mzere wa thovu, katswiri adzakuonetsani kumutu kwa dziwe kumene madzi amagwera, pansi pa gombe lokumbika ndi madzi, pa mizu ya mitengo, kumbuyo kwa mwala, ndiponso kutsogolo kwa mwala, kumene ambiri sakuganizira. Madzi akamagunda mwala amabwerera pang'ono n'kusiya kamalo kofatsa kutsogolo kwake, ndipo nsomba imakhala pamenepo ikuona chakudya chonse chikubwera. Masana otentha funani pamene madzi akuwira pa timiyala, chifukwa m'pamene pali mpweya wochuluka.

Kuwerama kuja si mwambo chabe. Kuwala kukamalowa m'madzi kumapindika, choncho nsomba imaona za kunja kudzera pa kabwalo kozungulira kamene kali pamwamba pa mutu wake. Chinthu chachitali, choima pagombe, chimalowa bwinobwino m'kabwaloko. Chinthu chotsika, chapafupi ndi madzi, chimaoneka chofinyika, chosadziwika bwino. Ndiye munthu woimirira pamwamba pa gombe, atavala malaya oyera, ndodo ikunyezimira padzuwa, wathamangitsa kale nsomba asanamasule n'chingwe chomwe. Onjezani kuti m'mbali mwa thupi la nsomba muli mzere womvera kugwedezeka kwa madzi. Mukaponda mwamgugu pagombe, kapena kugubuduza miyala polowa m'madzi, uthenga wafika. Wophunzira sadziwa n'komwe kuti panali nsomba, amangoti dziwe ili mulibe kanthu. Mphunzitsi ndiye amamuuza kuti munali zitatu, zathawa muli pa mtengo uja.

Tizilombo ta pansi pa mwala tija ndi ana a tizilombo touluka. Timakhala m'madzi miyezi yambiri, kenaka timakwera pamwamba, n'kuvula chikopa, n'kuuluka. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi mukuidziwa bwino nkhungu, nayonso moyo wake umayambira m'madzi momwemo. Gawo lalikulu la chakudya cha trout imalidyera pansi pa madzi, tizilomboti tisanamere mapiko. N'chifukwa chake pali nyambo zomira ndi nyambo zoyandama. Yomira yotchuka kwambiri ndi Pheasant Tail, imene anaipanga Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku Wiltshire, ku England. Iye sanagwiritse ntchito ngakhale ulusi, koma nthenga za kumchira kwa mbalame ya pheasant ndi kawaya kopyapyala ka kopa, kamene kamathandizanso kuimiza. Munthu ameneyu luso lake analipeza poyang'anitsitsa mtsinje umodzi moyo wake wonse. Yoyandama yodziwika ndi Adams, imene anaimanga Leonard Halladay ku Michigan mu 1922. Ndipo luso lomangali ndi lakalekale: wolemba wina wa ku Roma, Aelian, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo anafotokoza za asodzi a ku Macedonia amene ankakulunga ubweya wofiira pa mbedza n'kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala.

Komatu musatengeke ndi mayina akunjawa mpaka kuiwala zimene zili pamaso panu. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimagwera m'madzi. Udzu ukakula, ziwala zimaphonya podumpha. Nyerere zimagwa m'masamba, ana a tombolombo ali m'madamu, tinkhanu tili pansi pa miyala. Katswiri wa pamalopo amadziwa kuti mwezi uno nsomba zikuyang'ana chiyani, chinthu chimene buku lolembedwa ku Ulaya silingakuuzeni. Nthenga za pakhosi pa tambala ndi za nkhanga zimamanga nyambo zabwino ndithu. Ku Kenya kumanga nyambozi ndi ntchito yolembedwa, anthu amazimanga pamanja n'kuzitumiza ku Ulaya ndi ku America. Achinyamata amene muli ndi zala zaluso, liganizireni limeneli.

Tsopano chinthu chimene chimalekanitsa wodziwa ndi wongoyamba. Nyambo yagwera pabwino, kumtunda kwa nsomba, ndi yoyenera, koma nsomba yaiyang'ana n'kuisiya. Chalakwika n'chiyani? Kachilombo kenikeni kamayenda ndi liwiro la madzi amene kagweramo, palibe chokakoka. Nyambo yanu ili pa chingwe, ndipo chingwecho chagona modutsa madzi a maliwiro osiyanasiyana. Madzi a pakati, othamanga, amachikoka n'kuchipinda, nyambo n'kuyamba kutsetsereka chopingasa, ikusiya kamzere pamadzi. Trout ikaona zimenezo imadziwa kuti apa pali chinyengo. Nthawi zina kukokako kumachepa kwambiri moti inu simungakuone. Mphunzitsi amakuuzani kuti yerekezani nyambo yanu ndi kathovu kamene kali pambali pake: zikamayendera limodzi zili bwino, nyambo ikayamba kupitirira kathovuko kapena kutsalira, mwagwidwa. Mankhwala ake ndi kukweza ndodo chingwe chitangogwa, n'kutembenuzira mimba ya chingweyo chakumtunda mosagwedeza nyambo, kapena kusintha pamene mwaima kuti chingwe chochepa chokha chikhudze madzi. Kunena n'kosavuta. Koma kuti dzanja lizolowere kuchuluka kwake ndi nthawi yake, pamafunika wina wonong'oneza pambali kuti tsopano, tsopano, mwachedwa, bwerezani.

Amene mukuti zipangizozi n'zodula, mukunena zoona, ndipo m'masitolo mwathu sizipezeka wamba. Koma dziwani kuti ku Japan kuli njira yotchedwa tenkara: ndodo yaitali, chingwe chomangidwa kunsonga, nyambo ya nthenga, popanda kagudumu. Kale ndodo zake zinali za nsungwi. Pa kamtsinje kakang'ono njira imeneyi imayendetsa nyambo bwino kwambiri, chifukwa chingwe chimakhala m'mwamba, madzi osachigwira.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Nsomba yadya. Apa ambiri timalakwitsa chifukwa cha chizolowezi cha mbedza ya kudambo, kumene timakoka ndi mphamvu zonse mlamba n'kuulukira kumtunda. Nailoni ya mamilimita 0.15 siingapirire zimenezo. Mumangokweza ndodo mpaka chingwe chilimbe, basi. Ikathamanga, ilekeni itenge chingwe. Ndodo ikhale yopindika nthawi zonse, pakuti kupindikako ndiko kumateteza nailoni. Rainbow trout imakonda kudumpha m'mwamba, ndipo mtima wanu udumpha nayo limodzi. Musaitopetse mopitirira muyeso, ibweretseni msanga mmene chingwe chingalolere.

Ndiye pali nkhani imene ndikudziwa kuti ena muigwira pakamwa. Asodzi ambiri a nyambo ya nthenga nsomba akaigwira amaibwezera m'madzi. Ndiwo, kuibwezera? M'dziko limene nsomba yakwera mtengo chonchi? Funso limeneli si lopusa, ndipo amene amaseka anthu olifunsa sanagonepo ndi njala. Koma taonani masamu ake. Kamtsinje ka pa phiri si nyanja. Dziwe limodzi limasunga nsomba zowerengeka, ndipo anthu ochepa okha atati azitenga zonse zimene agwira, mwezi sungathe mtsinje usanaume nsomba. Nsomba yomweyo ikasiyidwa, mlendo wina adzailipirira chiphaso, adzalemba ntchito womuperekeza, adzagona ndi kudya pafupi. Ku Lesotho, pa mtsinje wa Bokong, anthu a m'midzi ya kumeneko amapeza ntchito ndi ndalama kuchokera kwa alendo odzawedza mwa njira imeneyi. Pamene malamulo a malowo akulola kutengako imodzi kapena ziwiri, tengani, mukadye ndi mtima woyera. Zotsalazo zibwezeni, koma muzibweze zamoyo: finyani ndi pulayala kamnga ka pa mbedza musanayambe kuwedza kuti izituluka mosavuta, nyowetsani manja musanagwire nsomba kuti musachotse kuterera kumene kumateteza khungu lake, musalowetse zala m'malo ake opumira, musaigoneke pa mchenga. Igwireni m'madzi mutu utaloza kumtunda mpaka ichoke yokha m'manja mwanu.

Nanga katswiriyo mumudziwa bwanji? Si yense wogwira nsomba zambiri amene amatha kuphunzitsa. Alipo ena amene mukapita nawo kumtsinje amalanda ndodo, n'kuwedza okha tsiku lonse inu mukuombera m'manja. Ameneyo mwamulipira kuti asangalale. Wabwino amakufunsani kaye chimene chikukuvutani, amakuonererani mukuponya asananene kanthu, ndipo amakonza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akakupatsani malangizo asanu ndi limodzi pa kuponya kumodzi, mutu umangozungulira. Amakulolani kumanga nokha mfundo zanu, ngakhale zikutenga nthawi, n'kukukumbutsani kunyowetsa nailoni ndi malovu musanakoke kuti isapse. Inunso mbali yanu ilipo. Safunsa anadya phula: akasintha nyambo, funsani chifukwa chake. Akadumpha dziwe looneka bwino n'kukaima pa lina, funsani chimene waona. Mayankho amenewo ndiwo mudzapite nawo ku mtsinje wina iye kulibe. Pofuna kupeza anthu otere, funsani ku malo ogona alendo a pa mapiriwa, kwa operekeza alendo, kapena ku bungwe la Angling Society of Malawi.

Musanaponye paliponse, chiphaso. Nyika ndi malo otetezedwa osungirako nyama zakutchire. Mapiri a Zomba ndi Mulanje ndi nkhalango zotetezedwa. Pitani ku ofesi ya pamalopo, akuuzeni malamulo, mtengo, ndi miyezi yololedwa. Trout imaswa nthawi yozizira, yaikazi imakumba ndi mchira pa timiyala n'kuikirapo mazira, ndiye n'chifukwa chake ku South Africa mitsinje yambiri imatsekedwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Timiyala timeneti tikakwiririka ndi matope, mazira amafa. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, matope amatsika ndipo dzuwa limafunditsa madzi. Amene mwakwera phiri la Zomba zaka zino mwaona nokha mmene mitengo yathera, ndipo Mulunguzi yemweyo ndiye amamwetsa mzinda wa Zomba.

Chenjezo lina, ndipo ili ndilinena molimba. Musatenge trout kukaithira mumtsinje umene mulibe. Ndi mlendo wolusa, imadya tinsomba ta chilengedwe, ana a achule ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo m'maiko angapo yachepetsa kwambiri nsomba za eni nthaka. Ikhale kumene ili kale. Luso limene mwaphunziralo silithera pa trout. Mpasa ndi sanjika, nsomba zathuzathu zimene zimakwera mitsinje ngati Bua kukaswa, nazonso zimaima m'madzi oyenda n'kumadikira chakudya, ndipo maso owerenga mtsinje ndi omwewo, malinga mutatsata malamulo oziteteza nthawi yoswa.

Za chitetezo mwachidule. Magalasi ndi chipewa musavule, mbedza imabwerera kumaso. Miyala ya m'madzi ndi yoterera, yendani ndi ndodo yotsamira, ndipo musalowe kupitirira m'mawondo pamene madzi akuthamanga. Mphezi ikayamba, gonekani ndodo pansi muchokepo, chifukwa ndodo za masiku ano zimadutsitsa magetsi, ndipo ku Nyika munthu woimirira ndiye amakhala chinthu chachitali pa dera lonselo. Nthawi ya dzinja, madzi akayamba kuda kapena kubwera ndi zinyalala, tulukani msanga ngakhale pamene mulipo sikukugwa mvula, yagwa kumtunda. Anthu a ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe safuna kuuzidwa za napolo.

Ntchito ya sabata ino kwa amene muli ndi ndodo: mangani kaulusi kunsonga, pitani pa bwalo, ikani mbale pansi pa mtunda wa mamita 8, muziponya mphindi 15 pa tsiku kuti kaulusiko kagwere m'mbalemo. Mnzanu aime chapambali akujambuleni kanema pa foni, dzanja ndi chingwe chonse zioneke, kutsogolo ndi kumbuyo. Kanemayo mukamuonetse mphunzitsi wanu tsiku limene mudzakumane, adzadziwa poyambira.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)